Mizere Iwiri ya Kumsana

1

Mpaka lero anthu a mumsewu umene ndinkakhala kale amandiloza ndi milomo ndikamadutsa. Amati ndine mkazi uja anathawa pabanja n'kuba apongozi ake. Ena amaseka, ena amangopukusa mutu. Ndatopa nako kumva nkhani yanga ikukambidwa ndi anthu amene sanagwirepo simbi m'nyumba mwanga, ndiye lero ndiloleni ndiinene ndekha.

Mayi anga ondibereka sindiwakumbuka nkhope. Anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ndinakulira m'makomo mwa achibale, uku chaka, uku miyezi, ngati poto wobwereka. Choncho nditakwatiwa n'kumva kuti tizikhala limodzi ndi apongozi, anzanga anandimvera chisoni, koma ine ndinali ndi kachiyembekezo kamene ndinkachita nako manyazi kukatchula.

Amuna anga ankagwira ntchito pakampani ina yogulitsa mankhwala. Ankayenda m'mafamase ndi m'zipatala, kachikwama kali m'manja, ndipo anzawo anawapatsa dzina loti a Kolala chifukwa kolala yawo inkakhala chilili kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwini ntchito yosita kolalayo anali mayi awo, amene pa utsikana wawo anachapa ndi kusita pahotela ina yaikulu.

Sabata yoyamba ndinasita malaya oyera n'kuwapachika monyadira. Apongozi anawatenga n'kupita nawo pawindo.

"Apongozi," anatero, "kodi malayawa mwawasita kapena mwawakhalira?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma iwo anangoseka, n'kuyala bulangete pathebulo.

"Bwerani kuno. Malaya sasitidwa atauma gwa. Muziwachotsa pachingwe akadali ndi kachinyezi. Akakuumirani, awazeni madzi, muwakulunge m'thaulo apume. Kolala muyambe kunsi kwake, kuchokera kunsonga kupita pakati, kuti makwinya asasonkhane pamene anthu amayang'ana. Kenako mapewa, kenako mikono. Mkono wa malaya sukhala ndi mzere, mzere ndi wa thalauza. Mabatani muziwazungulira, musawakwere ngati basi. Mukatha, pahang'ala, batani la pakhosi lotseka, ndipo mwamuna asavale malaya akadali otentha."

Chomaliza chinali chimene iwo ankati siginecha yawo. Kumsana kwa malaya, pansi pa mapewa, pamakhala timapindo tiwiri timene atelala amasokerera. Anthu ambiri amangotipondereza n'kupitirira. Iwo ankatitsata ndi nsonga ya simbi mpaka m'chiuno, n'kutulutsa mizere iwiri yowongoka bwino.

"Mwamuna saona kumsana kwake," ankatero. "Oona ndi anthu amene wawapitirira. Apa ndi pamene amadziwira ngati kunyumba kwake kuli munthu."

Zinanditengera miyezi kuti mizereyo iwongoke. Tsiku limene inawongoka, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja.

"Iwe mwanawe, zoti apongozi apongozi zithere pano. Kuyambira lero uzinditi Amayi."

Ndinathamangira kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamve kulira kwanga. Mawu amenewo ndinali ndisanawauzepo munthu chibadwire.

2

Zaka zinapita, mwana sanabwere. Tinayenda kwa madokotala mpaka nsapato kutha. Achibale anayamba kunong'ona, ndipo tsiku lina azakhali a amuna anga ananena poyera kuti nyumba yopanda mwana ndi sitolo. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana m'nyumba muno alimo. Ndi amene wakupatsani madzi osamba m'manjayu. Mukamaliza kudya, khomo ndi lomwelo."

Munthu wotere mungaleke kumukonda?

Kenako kampani inatsegula nthambi m'tauni ina yakutali, ndipo amuna anga anayamba kumagona konko masiku angapo. Ndinkawalongedzera malaya m'sutikesi monga anandiphunzitsira Amayi: mabatani onse otseka, mikono yopindira kumbuyo, kolala ina kuloza uku ina uko, ndipo m'kati mwa kolala iliyonse sokosi yokulunga kuti isaphwanyike. Maulendowo anayamba kutalika. Masiku ankaposa malaya amene ndawalongedzera, koma ndinkangoti ena amawabwereza, poti amuna ndi amuna.

Nthawi yomweyo thupi la Amayi linayamba kuwakana. Nyamakazi inapotoza zala zawo moti batani la diresi linkawakanika, ndipo m'maso munayamba ng'ala. Amuna anga anati kutauni inayo kuli dokotala wa maso wodziwa, awatengere kumeneko. Ndinafuna kutsagana nawo, koma anati kachipinda kamene amagonako n'kakang'ono. Ndinawalongedzera Amayi chikwama ndi manja angawa. Anakhalako pafupifupi mwezi.

Anabwerera maso atawalako pang'ono, koma pakamwa patatsekeka. Nthabwala zija zinachepa. Nthawi zina ndikamawasambitsa ankangondigwira mkono n'kuufinya. Ndinkati akudandaula matenda. Posakhalitsa maso aja anachitanso khungu.

Ntchito inandichulukira: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda. Amuna anga nawo anali atakwezedwa, ndipo tsiku lililonse ankavala jekete. Ndiye tsiku lina ndikusita, msana ukundiphwanya, ndinadzifunsa kuti mizere iwiri yobisika m'jekete ndikuivutikira chiyani. Ndinaisiya. Amayi ankayendera malaya ndi zala, koma ankangogwira kolala ndi mikono. Sindinauze munthu, ndipo palibe anazindikira.

3

Linali Lachisanu lotentha, lija ntchentche nazo zimasowa mphamvu zouluka. Amuna anga anafika masana kuchokera kuulendo, anaika sutikesi pakhomo, n'kuvula jekete asanakhale n'komwe pansi. Anawerama kuti amasule nsapato, atandifulatira.

Ndinali ndi jagi ya madzi m'manja. Sindikudziwa kuti sinagwe bwanji.

Kumsana kwa malaya awo abuluu kunali mizere iwiri, yochokera pansi pa mapewa mpaka m'chiuno. Mpando wa galimoto unali utaifafanizako, koma inalipo, yowongoka kuposa imene ine ndinatulutsapo.

"Malayawa wasita ndani?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka abwinobwino, mpaka ndinadabwa nawo.

"Si iwe? Angasitenso ndani?" anayankha osatembenuka.

"Simunapereke kochapitsa?"

"Ine kochapitsa? Andithere mabatani? Awa ndi omaliza pa aja unandilongedzera. Bwanji, alakwika?"

"Ayi. Asitidwa bwino."

Anaseka, nandisisita paphewa, n'kukalonjera Amayi kuchipinda. Ine ndinatsala ndili chilili, jagi ili m'manja. Ndinayesa kudzinamiza. Mwina manja anga anachita okha mwa chizolowezi, mutu uli kwina. Ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa malaya akuda onse. Anayi analibe mizere. Abuluu okha, amene ankawakonda kwambiri, ndi amene anali nayo.

Ulendo wotsatira ndinasita malaya onse maso ali tcheru, kumsana ndikungopondereza. Atabwerako, oyera a mizeremizere anali ndi siginecha ya Amayi.

Mkazi mnzanga, ukapeza fungo lachilendo kapena tsitsi pakolala, umadziwa choti ulire. Ine chimene ndinapeza chinali ntchito ya m'nyumba mwanga momwe, yochitidwa ndi dzanja limene sindilidziwa.

4

Pakona pa msewu wathu panali atelala ena okalamba, olongolola, amene ankatisinthira makolala akatha. Ndinawatengera malayawo ngati ndikufuna batani.

"Atelala, kodi ochapa zovala a masiku ano amasita chonchi?"

Anakweza magalasi awo n'kutsata mzere ndi chala.

"Ochapa ati? Aja amasita malaya ngati akupha njoka? Mayi, uyu ndi munthu amene anakhala pansi n'kuphunzitsidwa. Ndasoka malaya mpaka tsitsi kuthothoka, koma mizere iyi ndaiona kwa anthu awiri basi: apongozi anu ndi inuyo. Mwabwera kudzadzitama eti?"

Ndinaseka nawo, n'kutenga malaya aja kubwerera nawo.

Kunyumba ndinapeza Amayi atakhala pabedi, nkhope italoza kuwindo kumene ankamverako dzuwa. Ndinawaika malayawo pamiyendo, msana uli m'mwamba.

"Amayi, tayenderani awa."

Zala zawo zopotoka zinayamba pakolala monga mwa masiku onse. Ndinazigwira n'kuzitsitsira kumsana. Zinapeza mzere woyamba, n'kuutsata pang'onopang'ono mpaka pansi. Zinapeza wachiwiri.

"Wasita bwino, mwanawe," anatero. "Dzanja lako silisintha."

"Ndi dzanja langa limeneli, Amayi?"

Zala zija zinaima.

"Nanga lingakhale la yani? Tandipatsa madzi, kukhosi kwandiuma."

Amayi amene ndinkawadziwa, atamva funso lotere, akanadzuka ngakhale ndi nyamakazi yawoyo n'kufunsa kuti likutanthauza chiyani. Awa anangopempha madzi. Koma ndikuuzeni zoona, sindinawaganizire kanthu. Ndinangoti akuopa kumva zoipa za mwana wawo. Munthu amakayikira aliyense, koma osati amene anamutola.

5

Sabata yotsatira amuna anga atanyamuka, ndinapempha mayi woyandikana nafe kuti andiyang'anire Amayi tsiku limodzi, ine n'kukwera basi ya m'mamawa.

Ofesi ya nthambi ija sinavute kupeza. Pageti panali mlonda wansangala.

"Ndikufuna a Kolala. Ndine mchemwali wawo," ndinanama.

"Aa, mwawaphonya, apita kukagawa mankhwala. Koma pitani kunyumba, madamu alipo. Mutsike msewu uwu, mukadutsa pogulitsira mafuta mukhotere kumanzere, geti yobiriwira."

Madamu alipo. Ndinathokoza mlondayo mwaulemu, miyendo ikuyenda yokha.

Geti inali yotsegula. Chimene ndinayamba kuona ndi chingwe: malaya aamuna atayanikidwa pamahang'ala, pamthunzi, batani la pakhosi lotseka. Pakhonde panali thebulo loyalidwa bulangete, ndipo mayi wina wocheperapo msinkhu kwa ine ankasita. Pambali pake panali thaulo lokulunga. Ndinaima n'kumamuonerera. Anayamba kunsi kwa kolala, kuchokera kunsonga kupita pakati. Anazungulira mabatani. Anatembenuza malaya n'kulowetsa nsonga ya simbi pakapindo, lilime atalitulutsa pang'ono ngati mwana wa sukulu.

Kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda kanatuluka m'nyumba, kakukoka tayi imene ndinagulira amuna anga pa tsiku lawo lobadwa. Makutu ake sanafunike kufunsa kuti ndi a ndani, anali a amuna anga.

Mayiyo anakweza maso. Anaimika simbi bwinobwino, nazimitsa, n'kupukuta manja m'diresi.

"Ndakudziwani," anatero motsitsa mawu. "Chithunzi chanu amayenda nacho m'chikwama. Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzafika. Lowani, mayi."

"Sindilowa. Sindinabwere kudzamenyana nanu. Ndili ndi funso limodzi. Kusita kotereku munakuphunzira kuti?"

Anayang'ana pansi. Anali munthu wooneka wotopa, osati chilombo chimene ndinkachijambula m'basi muja, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa.

"Kwa agogo ake a mwanayu," anatero. "Atabwera za maso zija anagona muno. Anandikhazika pathebulo lomweli tsiku ndi tsiku, iwo ali pampando apo, akuyendera ndi zala. Ndikalakwitsa ankati ndinyowetsenso. Ndinalira nazo, mayi. Anati ndisite mpaka zifanane ndi zanu."

Za amuna anga ndinali nditazilira kale m'basi. Izi ndiye sindinazikonzekere. Kamwana kaja kanabwera n'kundipatsa tayi ija, ine n'kulandira ngati chitsiru.

6

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Mayi woyandikana nafe atangotuluka, ndinalowa kuchipinda kwa Amayi n'kutseka chitseko.

"Wabwera, mwanawe? Unapita kuti osatsanzika?"

"Ndinapita kukaona wophunzira wanu."

Amayi anapinda manja awo pamiyendo.

"Mwanayo wamuona?"

"Ndamuona. Ndi mdzukulu wanu ndithu. Mayi akenso munawaphunzitsa bwino, kuposa ine. Ine mizere ija ndinaisiya kalekale, inu osadziwa. Iye ndiye sanaiphonyepo."

Anatulutsa kamawu kakang'ono, ngati munthu woponda munga.

"Unaisiya," anabwereza. "Mayo ine. Ndiye ndadzigwetsa ndekha."

"Ndinakulongedzerani chikwama ndi manja anga kuti mukachire maso. Inu n'kukakhala mwezi wathunthu mukuphunzitsa mkazi wina kundinamiza. Mwabwera, ndakusambitsani, ndakudyetsani, mukundiyang'ana."

"Khala pansi undimve."

"Ndimva ndili chiimire."

"Sindinkadziwa kanthu mpaka tsiku limene anandilowetsa m'nyumba muja n'kundiika khanda pamiyendo. Ndinamutukwana mwana wanga mawu amene sindinatukwanepo munthu. Koma khanda linali litabadwa kale, madzi akatayika saoleka. M'mawa mwake ndinagwira malaya amene mtsikana uja anamusitira. Mzere pamkono, kolala yokhwinyata kunsonga. Ndinati uyu akakalowa chonchi kwathu, mkazi wake uja adziwa iye asanatsike n'komwe m'galimoto. Ndipo akadziwa, achoka. Ndinachita mantha, mwanawe. Sindinafune kuti uchoke."

"Munkateteza mwana wanu."

"Ndinkateteza iwe."

"Ayi. Mwana wanu ndi amene munamubisira. Ine munkangoopa kuti wokusambitsani asowa."

Misozi inatsika m'maso awo osaonawo. Kale ndikanathamanga ndi kansalu. Tsiku limenelo ndinaisiya itsike.

"Chakudya chanu ndibweretsa, apongozi," ndinatero.

Anadzidzimuka ngati ndawamenya mbama. Inenso mawuwo anandiwawa m'kamwa, koma sindinawabweze.

7

Amuna anga anafika mawa lake, atauzidwa kale ndi wa geti yobiriwira uja. Ananena zonse zimene amuna amanena. Ankafuna kundiuza koma ankasowa poyambira. Sanafune kundipweteka. Ine ndine mkazi wa pamtima, winayo zinangochitika. Ndinawasiya alankhule mpaka malovu kuuma, ine ndikupinda zovala zanga.

Pomaliza anafunsa chimene chinkawasautsa kwenikweni.

"Koma unadziwa bwanji? Anakuuza ndani?"

"Tembenukani," ndinatero.

Anapita pagalasi la wadirobu, akupotoza khosi uku ndi uku kuti aone kumsana kwawo. Sanaone kanthu. Zaka zonsezo anayenda ndi mizere imeneyo osaidziwa. Ikanakhala nkhani ya wina ndikanaseka.

Atelala aja anandipezera zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya mphwawo, mbali ina ya tauni. Tsiku losamuka, galimoto ya katundu ili panja, ndinapita kukatsanzika apongozi chifukwa cha ulemu chabe. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala okha diresi, mabatani atalowa m'mabowo olakwika. Pambali pawo panali jumbo ya zovala, ndipo pamiyendo anafungata simbi yawo yakale yamakala, ija anachoka nayo kuhotela.

"Nditenge," anatero.

Amuna anga anaima pakhomo, kukamwa kuli yasa.

"Amayi, mukupita kuti? Mwana wanu ndine."

"Iwe wokusitira uli naye. Ine ndikupita ndi uyu."

Mumtima ndinati si izi, akufuna manja anga basi. Ndinafuna kukana. Koma ndinayang'ana mabatani olakwika aja, n'kuganiza za mlendo akuwakoka mkono wa nyamakaziwo mosadziwa pamene pamapweteka. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinagwada, ndinamasula mabatani onse, n'kuwatsekanso bwino. Kenako ndinanyamula jumbo ija.

Umo ndi mmene ndinabera apongozi, masana dzuwa likuswa mtengo, msewu wonse ukuonerera.

8

Tinakhala m'zipinda ziwirizo kupitirira chaka. Ndinayamba kusitira anthu malaya: aphunzitsi, a m'mabanki, akwati. Atelala ankanditumizira makasitomala n'kumawauza kuti kolala yanga imapatsa munthu ntchito. Amuna anga aja ankabwera mwa apo ndi apo kudzaona mayi awo, ine ndinkatuluka kukakhala panja.

Apongozi sanasowe kanthu. Ndinkawasambitsa ndi madzi ofunda, kuwadzola mafuta, kuwapesa, kuwadyetsa ndi supuni. Chimodzi chokha ndinawamana.

"Apongozi, dzukani musambe. Apongozi, mankhwala."

Poyamba ankati, "Mwanawe, undiitane ngati kale, kamodzi kokha." Ine ndinkachita ngati madzi akusokosa. Kenako anasiya kupempha. Musaganize kuti ndinkasangalala. Mawuwo ankafika pakamwa tsiku lililonse, koma ndikakumbuka khonde lija ndi lilime la mayi uja potsata mzere, ankabwerera okha.

Miyezi yomaliza mutu wawo unayamba kusokonezeka. Ankaitana anthu amene anamwalira kale, nthawi zina n'kumakalipira anzawo a kuhotela kuti mapilo achedwa. Ndinasunthira thebulo lositira pafupi ndi bedi lawo kuti ndiziwaona ndikugwira ntchito.

Masana ena ndikusita malaya oyera a mkwati, fungo la nsalu yotentha linawadzutsa. Anatembenukira kwa ine, n'kulankhula ndi mawu amphamvu amene ndinali ndisanawamve kwa nthawi yaitali. Koma sankalankhula ndi ine. M'mutu mwawo anali atabwerera pakhonde la geti yobiriwira.

"Mayi inu, nyowetsaninso. Mzerewo wakhota. Tsatirani kapindoko mpaka m'chiuno."

Ndinaima, simbi ili m'manja.

"Musalire, sindikukuzunzani. Mwana wanga wamkazi uja ali ndi maso. Akaona kuti si dzanja lake, achoka. Za ine musadandaule, ine ndatha kale, wondisambitsa ngakhale inu mungakhale. Koma mwana uja alibe kwawo. Anakula ngati katundu. Ndine ndinamuuza kuti azinditi Amayi. Akachoka pakhomo paja, adzatchulanso ndani kuti Amayi?"

Sindikukumbuka kuti simbi ndinaisiya bwanji. Ndinangopezeka ndagwada pambali pa bedi, nkhope yanga ili m'manja awo opotoka aja.

"Ndili pano, Amayi. Sindinachoke. Amayi, ndili pano."

Ndinawatchula kambirimbiri, a chaka chonse amene ndinawamana. Zala zawo zinayenda pankhope panga, pamphumi, m'masaya, monga ankayendera kolala. Sindinkadziwa ngati akundizindikira. Kenako mphuno yawo inagwedezeka.

"Iwe mwanawe," anatero, "malaya akupsa."

Analidi akupsa. Kumsana kwa malaya a mkwati kunali chizindikiro cha simbi chathunthu, chofiirira. Anali malaya oyamba kuwotcha m'moyo wanga. Ndinaseka ndikulira, iwonso anamwetulira. Sabata yomweyo Amayi anatisiya.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikuuzani kuti Amayi anachita bwino. Bodza ndi bodza, ngakhale ulisite mbali zonse. Akanandiuza tsiku limene anabwera kuchokera kwa dokotala, tikanalira limodzi, ndipo mwina tikanachoka limodzi tsiku lomwelo. Anandipweteka pofuna kundisunga, ine ndinawalanga poyesa kuti ndinali wantchito chabe, ndipo tonse awiri tinataya chaka chimene sichidzabweranso. Ngati muli ndi munthu amene mukumubisira choonadi poopa kuti akusiyani, muuzeni akadali wokonzeka kukumverani. Ndipo ngati muli ndi mawu amene mukumana wokalamba wina chifukwa cha mkwiyo, musadikire kuti mutu wake usokonezeke musanawanene. Ine ndinachita mwayi wa masana amodzi, ndipo si onse amaupeza.

Mkwati uja ndinamugulira malaya ena. Opsawo ali pahang'ala m'wadirobu mwanga, batani la pakhosi lotseka. Ndimasitabe, ndipo malaya aliwonse ochoka pathebulo langa amapita ndi mizere iwiri kumsana, kaya mwini wake avala jekete kaya ayi. Makasitomala ena amafunsa kuti kusita kotereku ndinakuphunzira kuti. Ndimawayankha kuti kwa mayi anga.